Maiden Castle: Mafunso ndi Mayankho pa Linga la Paphiri ndi Zomwe Anafukulamo

Kummwera kwa England kuli phiri lozingidwa ndi ngalande zakuya ndi makoma a dothi. Kwa zaka zambiri alendo ndi ana asukulu ankauzidwa kuti asilikali a Roma anaphapo anthu ambirimbiri tsiku limodzi. Lero nkhaniyo yagwedezeka, ndipo oigwedeza ndi mafupa omwewo amene ankaichitira umboni. Nawa mafunso omwe munthu angafunse pa za phirili.

Kodi Maiden Castle n'chiyani, ndipo ili kuti?

Ndi linga la paphiri la nthawi yomwe anthu a ku Britain anali atayamba kusula chitsulo. Lili m'boma la Dorset, makilomita osakwana 3 kuchokera m'tauni ya Dorchester. Musayembekezere nyumba ya miyala yokhala ndi nsanja. Chomwe chilipo ndi phiri la choko lomwe anthu analisema ndi manja: anakumba ngalande mozungulira, dothi lake n'kuliunjika kukhala makoma, mizere ingapo yotsatizana. M'kati mwake muli malo okwana maekala 47, kapena kuti mahekitala 19, ndipo makoma ena mpaka pano ndi otalika mamita 6. Ndi limodzi mwa malinga akuluakulu a mtundu wake ku Ulaya konse.

Akatswiri amadziwa bwanji kuti phiri linalake linali linga?

Apa m'pamene pamagona ntchito, chifukwa si mtumbira uliwonse wa paphiri womwe ndi linga. Ukhoza kukhala khola lakale, malire a munda, malo omwe ankakumbapo miyala, kapena kungokhala mmene phirilo linakokolokera.

Mu 2017 akatswiri a ku mayunivesite a Oxford ndi Edinburgh anatulutsa mndandanda wa malinga a paphiri a ku Britain ndi Ireland, ndipo anawerenga malo 4,147. Ankayang'ana zinthu zitatu: ngati malowo ali pamtunda woonekera patali, kukula kwa makoma ndi ngalande zake, ndi kukula kwa bwalo la m'kati. Ambiri mwa malowa sanakumbidwepo n'komwe, choncho ena amangotchedwa malinga poganizira chabe.

Kuti atsimikize, amayamba ndi njira zosaboola nthaka. Zithunzi zojambulidwa m'ndege nthawi ya chilala zimaonetsa mizere ya udzu wobiriwira pomwe pali ngalande yokwiririka, poti dothi lake limasunga chinyezi. Makina a LiDAR amayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka ngakhale pansi pa mitengo. Ena amayenda ndi makina oyeza maginito a m'nthaka, omwe amaloza pomwe panali moto, maenje kapena nyumba. Koma chigamulo chimabwera akadula khomalo chopingasa n'kuona m'kati mwake. Ngati ndi la anthu, dothi limaoneka lili m'magawomagawo monga ankalikhuthulira, pansi pake pali nthaka yakale yomwe inakwiriridwa, ndipo nthawi zina pamaoneka madontho akuda ozungulira pomwe panali nsanamira zomwe zinaola kalekale.

Linamangidwa liti?

Silinamangidwe kamodzi. Anthu oyamba kukumba paphirili anali alimi a zida zamiyala, cha m'ma 3500 BC, omwe anazinga mbali ya kummawa ndi ngalande zodukizadukiza. Pambuyo pake ena anaunjika mtumbira wautali mamita 546 pamsana pa phirilo. Kenako padadutsa zaka zambiri phirilo lili lopanda mudzi.

Linga loyamba linabwera cha m'ma 600 BC. Linali laling'ono, maekala 16, la khoma limodzi ndi ngalande imodzi, losasiyana ndi malinga ena ambiri a m'deralo. Cha m'ma 450 BC analikuza chakumadzulo mpaka kufika pa maekala 47 aja, ndipo m'mibadwo yotsatira anawonjezera makoma ndi kukhotetsakhotetsa zipata ziwiri, cha kummawa ndi cha kumadzulo. Nthawi yomwe Maiden Castle imakula, malinga ang'onoang'ono oyandikana nayo ankasiyidwa, zomwe zikusonyeza kuti anthu ndi mphamvu zinkasonkhana malo amodzi.

Zaka zimenezi amaziwerenga bwanji poti kunalibe wolemba?

Njira yoyamba ndi yoona zomwe zili pansi ndi zomwe zili pamwamba. Khoma lomwe lakhala pamwamba pa ngalande ndiye kuti linamangidwa pambuyo pa ngalandeyo. Yachiwiri ndi mapale, chifukwa kaumbidwe ka miphika kankasintha mibadwo ikamapita. Yachitatu ndi kuyeza carbon-14 m'mafupa, makala ndi njere zopserera. Carbon-14 ndi kanthu kosaoneka ndi maso kopezeka m'chamoyo chilichonse. Chamoyo chikafa, carbon-14 wake amayamba kuchepa, ndipo theka limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Njirayi ili ndi vuto lake pa nthawi yomwe malinga ambiri ankamangidwa: zinthu za pakati pa 800 ndi 400 BC zimapereka zotsatira zofanana kwambiri, choncho zaka za linga loyamba ndi zongoyandikira.

Palinso mboni ina yomwe ineyo imandisangalatsa kwambiri, tizigoba ta nkhono. Nkhono zina zimakonda mthunzi wa m'nkhalango, zina zimakonda udzu waufupi wa padzuwa. Akatswiri amasefa dothi la pansi pa makoma, n'kuwerenga tizigobato pa makina okulitsira zinthu, tina tochepa ngati njere ya mawere. Umo ndi mmene anadziwira kuti phirili linali ndi nkhalango alimi oyamba aja asanaligwetsere mitengo.

Anapezamo zotani?

Zambiri ndi za moyo wa tsiku ndi tsiku. Anapeza malo a nyumba zozungulira, zomwe poyamba zinkamangidwa mwachisawawa koma pambuyo pake anazindandalika m'mizere motsatira misewu. Anapeza timagulu ta maenje anayianayi a nsanamira, tomwe akatswiri ambiri amati tinali nkhokwe zokwezeka. Anapeza mphero, njere za tirigu ndi balere zopserera, mafupa a nkhosa, ng'ombe ndi nkhumba, zipeso za fupa zowombera nsalu, timiyala toboola pakati topotera ubweya, ndi zibangili zosemedwa ku mwala wakuda wa ku Kimmeridge, m'mbali mwa nyanja. Miphika ya m'zaka zomaliza yambiri inkachokera cha ku Poole Harbour, kugombe la nyanja m'Dorset momwemo. Pafupi ndi chipata cha kummawa panali malo osulira, pomwe anapeza zotsala za chitsulo zolemera makilogalamu oposa 60. Zimenezi muzikumbukire, tibwereranso pamenepa.

Akuti ankasunga tirigu m'maenje. Sankaola?

Ayi, malinga ngati dzenjelo alimata bwino. Ankakumba dzenje m'choko, kulidzaza tirigu, n'kutseka pakamwa ndi dongo kuti mpweya usalowe. Njere zogundana ndi makoma a dzenje zinkayamba kumera chifukwa cha chinyezi, ndipo pomera zinkamaliza mpweya wabwino wonse womwe unali m'katimo n'kusiya mpweya woipa. Zikatero njere zotsala zinkagona tulo, ndipo tizilombo sitinkakhalamo. Katswiri wina, Peter Reynolds, anayesera njirayi pa famu yoyesera ya Butser m'zaka za m'ma 1970, ndipo tirigu anatuluka wabwino moti n'kudzalidwa. Kuipa kwake n'kwakuti ukatsegula uyenera kuchotsa yense, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti m'maenje munkasungidwa mbewu ndi chakudya cha mtsogolo, pomwe cha tsiku ndi tsiku chinkakhala m'nkhokwe.

Nanga zida za nkhondo zinapezeka?

Zinapezeka, ndipo zambiri ndi miyala ya gulaye. Dzenje limodzi la pafupi ndi chipata cha kummawa linali ndi miyala yobulungira 22,260. Phiri la choko silibala miyala yotere. Anthu anachita kukaitola kwina, makamaka kugombe la nyanja, n'kukwera nayo. Munthu sasenza katundu wotero popanda chomwe akuopa, ndipo uwu ndi umodzi mwa maumboni amphamvu akuti eni phirili ankakonzekera adani.

Kodi nkhani ya manda a nkhondo inayamba bwanji?

Kuyambira 1934 mpaka 1937, Mortimer Wheeler ndi mkazi wake Tessa Verney Wheeler anatsogolera ntchito yaikulu yofukula paphirili. Tessa, yemwe ankayendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi kuphunzitsa ophunzira, anamwalira mu 1936 ntchito ili m'kati. Dzina lake silitchulidwa mokwanira.

Kunja kwa chipata cha kummawa anapeza manda osaya okhala ndi mafupa a anthu 52, amuna ndi akazi. Ena anali ndi mabala a lupanga m'chigaza, angapo pa munthu mmodzi. Mwamuna wina anali ndi nsonga ya chitsulo itabaya fupa la msana ndi kukanirira momwemo. Pamalopo panalinso phulusa ndi makala.

Wheeler anali ndi nkhani yoti alumikize. Aroma analowa m'Britain mu AD 43, ndipo wolemba mbiri wa ku Roma, Suetonius, anati mtsogoleri wa asilikali Vespasian, yemwe anadzakhala mfumu ya Roma mu AD 69, anagonjetsa mitundu iwiri yamphamvu, midzi ya malinga yoposa 20 ndi chilumba cha Isle of Wight. Wheeler anati Maiden Castle inali umodzi mwa midziyo. Anafotokoza kuti Aroma anayamba ndi kuponya mivi ya makina otchedwa ballista, n'kutentha nyumba za pachipata, n'kulowa kupha aliyense, ndipo usiku womwewo otsala anaika abale awo m'manda mothamanga. Chitsulo cha pamsana chija anati ndi muvi wa ballista. Lipoti lake linatuluka mu 1943.

Ndiye chavuta n'chiyani ndi nkhaniyi?

Woyamba kuigwedeza mwamphamvu anali Niall Sharples, yemwe anafukulanso paphirili mu 1985 ndi 1986. Anaona kuti phulusa ndi makala zija zikhoza kukhala za osula omwe ankagwira ntchito pachipata chomwecho, osati za nyumba zotenthedwa. Anaonanso kuti mwa anthu 52 aja, omwe panthawiyo ankadziwika kuti anafa ndi zida anali 14 okha. Komanso maliro ake sanali othamanga. Akufawo anagonekedwa mwamwambo wa kwawo, ena ndi miphika pambali, ena ndi nthuli ya nyama ya nkhosa, ena atavala mphete ndi mikanda. Anthu omwe mudzi wawo ukuyaka moto alibe nthawi yokonza zonsezi.

Akatswiri a mafupa omwe anawaunikanso pambuyo pake anapeza mabala ochuluka kuposa omwe ankadziwika, choncho zoti panali kuphana sizikukanidwa. Funso linatsala pa nthawi. Mu 2025, Martin Smith, Miles Russell ndi Paul Cheetham a ku yunivesite ya Bournemouth anatulutsa zotsatira za carbon-14 pa mafupawo. Zinasonyeza kuti anthuwa sanafe tsiku limodzi. Anafa nthawi zosiyanasiyana, m'mibadwo ingapo, kuyambira chakumapeto kwa zaka 100 zomaliza za BC mpaka kuchiyambi kwa zaka za AD, asilikali a Vespasian asanafike. Ngakhale chitsulo cha pamsana chija, akatswiri ena amati ndi nsonga ya mkondo wamba.

Kodi Wheeler ananama?

Ayi, ndipo kumunena choncho n'kumulakwira. Anali mmisiri weniweni. Ankakumba m'mabokosi oyezedwa bwino, n'kusiya timakoma ta dothi pakati kuti magawo a nthaka azioneka, ndipo ankalemba ndi kujambula mosamala. N'chifukwa cha kusamala kwakeko kuti a lero atha kubwerera ku mafupa omwewo n'kumutsutsa. Ankatsegulanso ntchito yake kwa anthu wamba, kuitana atolankhani ndi kugulitsa mapositikhadi kuti apeze ndalama zopitirizira, pa nthawi yomwe anzake ambiri ankaona ngati zofukula ndi za ophunzira okha. Ndipo nthawi imeneyo njira ya carbon-14 inali isanatulukiridwe.

Koma Wheeler analinso msilikali wa mizinga, yemwe anamenya nawo nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse. Ankalemba za Maiden Castle pomwe dziko lake linkaopa kulowedwa ndi adani ochokera kutsidya la nyanja. Munthu wotere akaona chigaza chotemedwa pachipata cha linga, maso ake amaona gulu la nkhondo lachilendo. Anachitanso chimodzimodzi atapita ku India mu 1944 kukatsogolera ntchito yofukula zakale: mafupa omwe anapezeka m'misewu ya mzinda wakale wa Mohenjo-daro anati ndi a anthu ophedwa ndi adani olowa m'dziko, ndipo katswiri wina, George Dales, anadzatsutsa zimenezi mu 1964.

Chomwe chimandipweteka pa nkhaniyi ndi chakuti anthu a m'manda aja analandidwa imfa zawo. Aliyense anafa pa tsiku lake, pa chifukwa chake, ndipo analiridwa ndi abale ake. Kwa zaka zoposa 80 anawaunjika pamodzi kuti akometse mbiri ya msilikali wa ku Roma yemwe sanamuonepo.

Ngati si Aroma, anawapha ndani?

Mwachionekere ndi anthu a m'dziko lomwelo. Gulu la ku Bournemouth linatchula zinthu zingapo zomwe zikanatheka: kulimbana kwa magulu oyandikana, kukanganirana ufumu m'banja, kapena kupha anthu ngati chilango. Mabala obwerezabwereza m'mutu, oposa ofunika kuti munthu afe, amaloza ku mkwiyo kapena ku kupha koonetsera anthu. Ndipo poti anaikidwa ndi ulemu pachipata cha malo otchuka chotere, n'kutheka kuti sanali anthu wamba.

Izi sizikutanthauza kuti Aroma anadutsa m'Dorset mwamtendere. Pa Hod Hill, linga lina la m'boma lomwelo, Ian Richmond anapeza mivi ya ballista yeniyeni m'zaka za m'ma 1950, ndipo Aroma anamanga msasa wawo pakona ya lingalo.

Tsono linali linga la nkhondo kapena ayi?

Linali, koma sizinathere pamenepo. Miyala ya gulaye ndi zipata zokhotakhota, zomwe zimakakamiza wolowa kuyenda mozungulira ali pansi pa oponya miyala, ndi zinthu za nkhondo. Komabe khoma la m'kati lokha ndi lotalika makilomita oposa 2 kuzungulira, ndipo kuliteteza mbali zonse kukanafuna anthu ochuluka zedi. Pamwamba palibenso kasupe, madzi ankachokera kumunsi. Malo otere angapirire achifwamba obwera kudzalanda ng'ombe ndi tirigu, koma sangapirire kuzingidwa kwa milungu.

Kwathu kuno, m'zaka za m'ma 1800, makolo ankathawira m'mapiri ndi m'mapanga poopa nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo, ndipo wothawa amafuna malo omubisa. Maiden Castle inkachita zosiyana. Makoma ake atangokumbidwa anali oyera mbee ndi choko, oonekera kutali. Ankauza aliyense wodutsa kuti pano pali anthu otha kusonkhanitsa mazana a manja chaka ndi chaka, okhala ndi tirigu wodyetsa onsewo. Akatswiri ena amafika ponena kuti ntchito yokumbayo ndiyo inkamanga anthu pamodzi, poti midzi yozungulira inkabwera kudzagwira gawo lake. Ineyo ndimaona kuti mantha ndi kudzionetsera zinkayendera limodzi, ndipo n'zosafunika kusankhapo chimodzi.

Eni ake anali anthu otani?

M'zaka zomaliza Aroma asanafike, anthu a dera limeneli ndi omwe amatchedwa Durotriges. Ankasula ndalama zawozawo, ndipo mosiyana ndi anthu ambiri a ku Britain a nthawi imeneyo, ankaika akufa awo m'manda, atapinda miyendo. N'chifukwa chake mafupa awo alipo oti n'kuyezedwa.

Mu Januwale 2025, Lara Cassidy wa ku Trinity College Dublin ndi anzake anatulutsa zotsatira za DNA ya anthu 57, pafupifupi onse a m'manda a ku Winterborne Kingston, mudzi wina wa anthu omwewa ku Dorset. Ambiri mwa omwe anapezeka kuti ndi apachibale anali ochokera kwa kholo limodzi lachikazi, ndipo ambiri mwa omwe sanali a mtundu umenewo anali amuna. Kunena kwina, akazi ankakhala pamudzi pa amayi awo, amuna n'kumabwera kudzakwatira. Owerenga ambiri a ku Ulaya anadabwa nazo, koma kwa Mchewa ndi chikamwini chomwe akuchidziwa bwino. Manda amenewa si a pa Maiden Castle penipeni, choncho tisathamange kunena kuti paphiripo zinalinso choncho. Koma ngati panali kukanganirana ufumu, funso loti ufumuwo unkadutsira kuchimuna kapena kuchikazi tsopano ndi loyenera kulifunsa.

Chinachitika n'chiyani Aroma atakhazikika?

Linga linali litayamba kale kuchepa mphamvu. M'zaka 100 zomaliza za BC anthu ambiri anali atabalalikira m'midzi ing'onoing'ono ya kumunsi, otsala n'kuunjikana chakummawa kwa phiri. Cha m'ma AD 70 Aroma anakhazikitsa tauni ya Durnovaria, yomwe lero ndi Dorchester, ndipo phiri linasiyidwa.

Patapita zaka pafupifupi 300 anthu anakweranso, ulendo uno kudzapembedza. Chaka cha AD 367 chitadutsa anamangapo kachisi wamng'ono wa miyala, wokhala ndi chipinda chapakati ndi khonde lozungulira, pambali pake pali kanyumba ka zipinda ziwiri. Pamenepo anapezapo kachifanizo ka ng'ombe yamphongo ya nyanga zitatu ndi chithunzi cha mulungu wamkazi Minerva pa kachitsulo. Nthawi imeneyo n'kuti mafumu a Roma atayamba kale Chikhristu, koma anthu a kumidzi ya Dorset anali akuperekabe nsembe kwa milungu yawo.

Kodi munthu angakaoneko, nanga angakumbe?

Kuona n'kotheka. Malowa amasamalidwa ndi bungwe la English Heritage, salipiritsa, ndipo maziko a kachisi uja akuonekabe. Zambiri zomwe anafukula, kuphatikizapo fupa la msana lokhala ndi chitsulo lija, zimasungidwa ku Dorset Museum m'tauni ya Dorchester. Valani nsapato zolimba, poti choko chonyowa chimaterera ndipo pamwambapo pamaomba mphepo.

Kukumba ndi kuyenda ndi makina ofufuzira zitsulo n'koletsedwa ndi lamulo. Chifukwa chake ndi chomwe mwachiona m'mayankho onsewa: phale, fupa kapena khala limalankhula likakhala pamalo pake, m'gawo lake la dothi. Likazulidwa n'kuikidwa m'thumba, zaka zake ndi nkhani yake zatayika. Chimodzimodzi ngati mwapeza mapale, zotsala za ng'anjo kapena mizere ya miyala paphiri la kwanu ku Malawi: zisiyeni pomwepo, jambulani chithunzi, dziwitsani amfumu, ndipo uthenga ukafike ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale.